Mudzi wa Kumapeto kwa Paipi

Zaka makumi awiri ndakhala ndikumvetsera mapaipi.
Ndimagunditsa sipanala pachitsulo, khutu kunsonga kwake,
kuti ndimve pomwe madzi akukanirira.
Kuyambira pa Kamwendo mpaka kwa Tembwe
amangonditcha a Mpopi. Dzina langa analiiwala.

Ndiye Lachinayi lija, kuchipatala cha pa boma,
a Kalilangwe atayika kachitsulo kawo pa mwana wanga,
osati pachifuwa, koma pamimba, chakumbali kwa mchombo,
n'kutsinzina,
nkhope imeneyo ndinaidziwa. Ndi yanga ndikakhala pantchito.

Tiyesere ali ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi.
Ndi wochepa thupi, amasewera ntchemberembaye.
Azakhali ake anati bipi ndi nthenda ya mabwana a mimba zawo,
ya nkhalamba, ya anthu oganiza ngongole.
Mtsikana angaganize chiyani? Mufunseni bwino, alipo mnyamata.
Tinamufunsa. Analira. Mutu sunaleke.
Mchere tinachotsa m'ndiwo, nyumba yonse kudya zozizira,
mapiritsi mitundu itatu,
manambala ali pomwepo ngati mbuzi yokana chingwe.

"Tamverani nokha," anatero, nandiveka zomvera zawo.
Fuu. Fuu. Fuu.
Sindinafunse. Awo ndi madzi odutsa pothina.

Akuti impso yakumanzere
ili ngati mudzi wa kumapeto kwa paipi.
Mtsempha wopita kumeneko wafinyika,
magazi akufikako modontha.
Impsoyo za kufinyikako sikudziwa,
ikungoona kuti kwauma,
ndiye ikuyesa kuti thupi lonse lagwa m'chilala.
Usana ndi usiku ikutumiza uthenga m'magazi:
mitsempha yonse imange,
mchere usatayidwe, madzi asungidwe.
Thupi n'kumamvera.
Mtima ukukankha, m'mutu mukugunda,
kwa mwini dandaulo kukadali dontho, dontho.

Ndinaseka, pamalo posayenera kuseka.
Chaka chatha a komiti ya madzi anandizinga pakhomo:
kwathu sakutuluka, onjezerani mphamvu!
Ndinatsegula zonse kuthanki.
Mfundo zinaphulika m'midzi itatu yapanjira,
iwo ndowa zili gwa, zouma.
Titakumba tinapeza muzu wa mkuyu
utakulunga paipi ngati dzanja pakhosi.

Panja pabenchi mayi wina wa ku Mkanda
ankasimba za amuna awo, eni ake ali pomwepo akuwodzera:
amaliza mkonono, kenako zii,
mpweya kuima, ine kuwerenga mpaka makumi awiri,
ndiye kudzambatuka ngati awavuula mu Bua.
Usiku uliwonse thupi limayesa likumira,
kukacha magazi akadali othawa.
Pambali pawo mtsikana woyembekezera,
mapazi otupa, patapata ali m'manja.
Tonse lamba ndi yemweyo pamkono,
koma potsekeka aliyense ndi pakepake.

Atipatsa kalata ya ku Lilongwe, akaunike ndi makina.
Akuti pena pothinapo amapatakasa.
Sanalonjeze. Ndinawakonda chifukwa cha chimenecho,
inenso sindilonjeza ndisanakumbe.

M'minibasi Tiyesere wagona paphewa panga.
Ndikuwerenga matumba a mtedza, angagulidwe zingati,
ndikuchotsera thiransipoti ya anthu awiri, ndi pogona.
Sipanala ikundibaya m'thumba la buluku,
nambala seventini, yomwe yamasula theka la boma lino,
lero ilibe pogwira.

Azakhali ake adzafunsa kuti tsono analakwa ndani.
Ndidzati palibe.
Kampso kamodzi, kosaposa chibakera cha mwiniwake,
kali ndi ludzu
ndipo kakukuwa momwe kangathere.